Masiki ya K300 ndi agogo omwe sali pa WhatsApp

Kumayambiriro kwa 2021, chindapusa cha munthu wopezeka pagulu asanavale masiki chinali K10,000. Boma linakhazikitsa lamuloli mu Ogasiti 2020, pa nthawi yomwe malipiro otsikitsitsa a wantchito m'dziko muno anali K35,000 pamwezi. Tawerengetsani nokha: mlonda kapena mayi wogwira ntchito ya m'nyumba akagwidwa alibe kansalu kumaso, ndiye kuti thukuta la sabata yonse lapita. Mu Januwale 2021 malipirowo anakwera kufika pa K50,000, koma kwathu kuno ku Bangwe ndi angati amene amadikira malipiro pakutha pa mwezi? Ambiri amalawira m'mamawa kukasaka ya ndiwo ya tsiku lomwelo, zamawa zidzaoneka mawa.

Masiki yosokedwa ndi atelala inkagulitsidwa K300, pena K500. Kwa inu amene mukuwerenga nkhaniyi pafoni, imeneyi ndi ndalama ya kabandulo kaja kamatha musanamalize kuonera ma status a anzanu. Koma tatengani agogo amene akulera zidzukulu zinayi zosinkhukirapo. M'nyumbamo muli anthu asanu, ndipo aliyense akufunika mamasiki awiri kuti ina ikachapidwa avale inayo. Mamasiki 10 pa K300 ndi K3,000. Palibe gogo amene angachotse K3,000 ya ufa ndi makala n'kukagula nsalu yophimbira pakamwa pomwe sipanalowe kanthu kuyambira m'mawa.

Ndiye anthu ankangobwerekana. Mukanaima kanthawi pakhomo la banki, pa shopu yaikulu mu Limbe kapena pageti la chipatala. Mukanaona wina akutuluka, akuvula, n'kupatsira mnzake amene akudikira kulowa. Masiki imodzi, nkhope zitatu. Mlonda wapakhomo wagwira ntchito yake, lamulo latsatidwa, kachilombo nako kapeza thiransipoti yaulere.

Izi n'zimene zinatichititsa achinyamata a m'dera lathu kuyamba msonkhamsonkha wa mamasiki kumayambiriro kwa 2021. Ndikufuna ndikufotokozereni m'mene zayendera, chifukwa ndikudziwa kuti magulu ngati lathu alipo ambiri m'mataunimu, ndipo ena akufuna kuyamba koma akuopa kudzatchedwa akuba.

Gulu lathu la WhatsApp silinabadwe ndi Covid-19. Lakhalapo zaka zingapo, lokanganirana za Bullets ndi Manoma, lodziwitsana madzi akasiya kapena mbava zikavuta, komanso losonkherana chipepeso maliro akagwa. Mu 2020, kunena zoona, ambiri pagulupo matendawa ankangowaseka. Odwala oyamba atapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo, anthu ankati awa ndi matenda a mabwana okwera ndege. Khoti litaletsa lockdown ya masiku 21 ija, kenako n'kubwera misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni, anthu ali mpanipani, aliyense anangoti basi, Covid kuno kulibe.

Januwale wa 2021 ndi amene anatitseka pakamwa. Pa 12 dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Posakhalitsa tinamva kuti bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zisanduka zipatala. Ukatsegula Facebook unkangokumana ndi zithunzi za makandulo.

Pagulu pathu chipepeso chinasonkhedwa katatu m'masabata awiri. Ulendo wachitatuwo, mtsikana wina amene amagulitsa kaunjika analemba funso lomwe linakhala maola angapo popanda woyankha. Anafunsa kuti bwanji ndalama zathu zimatuluka mwachangu munthu akagona m'bokosi, koma akali moyo timangotumizirana ma sticker a manja opemphera.

Woyamba kuyankha sanavomere, sanakane. Anangolemba kuti: "Ndalamazo asunga ndani?"

Musamuweruze amene anafunsayo. Kusonkha Amalawi timakudziwa kuyambira kale. Chipereganyu, banki m'khonde, makomiti a ukwati, zonsezi zimayenda ndi ndalama za m'matumba mwathu. Chimene chatha ndi kukhulupirirana. Aliyense ali ndi nkhani yake ya msungichuma amene foni yake inasiya kupezeka ndalama zitangokwana. Kumtunda nako sikukutithandiza. Mu 2020 ofesi ya Ombudsman inatulutsa lipoti losonyeza kuti gawo lalikulu la ndalama za Covid-19 zomwe inafufuza linathera ku maalawansi. Mu Febuluwale 2021 nkhani yomwe inali mkamwamkamwa inali ya K6.2 biliyoni, yomwe mpaka Pulezidenti anachita kuimitsa ntchito akuluakulu ena n'kulamula kuti ifufuzidwe. Munthu akamamva zimenezi pawailesi, ndiye iwe ubwere ndi nambala yoti atumizeko ndalama, amakuona ngati ndiwe mng'ono wawo wa omwewo.

Chimene chinatilimbitsa mtima ndi zomwe tinkaona pa Facebook. Wodwala wina amene anagonekedwa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe analemba kudandaula kuti masilinda a mpweya alipo, koma tizipangizo tolumikizira mpweyawo kwa wodwala tikusowa. Mlembi Onjezani Kenani, yemwe amakhala kunja, anapempha anthu kuti asonkhe, ndipo m'masabata ochepa ndalama zinapitirira K100 miliyoni. Wodwala uja anamwalira, koma zipangizo zinagulidwa n'kufika m'zipatala. Ambiri anachita chidwi ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Ife tinaona china: a Kenani ndi anzawo ankalemba poyera zimene zalowa, zimene zagulidwa ndi chipatala chimene chalandira. Munthu ankatumiza K2,000 yake akudziwa kuti aona kumene yagwera.

Tinangokopera zomwezo, pamlingo wathu wa nyerere. Tinatsegula nambala ziwiri, ya Airtel Money ndi ya Mpamba, n'kuzipereka kwa anthu awiri osakhala pachibale, wina wa kumzikiti, wina wa kutchalitchi. Usiku uliwonse 8 koloko ikakwana, aliyense amaponya pagulu screenshot ya balansi yake. Pokatapa ndalama kwa ejenti amapita onse awiri, ndipo ndalama yomwe yadulidwa potapa imalembedwanso. K200 ya kabaza yokatengera lastiki imalembedwa. Poyamba ena ankati tikuchulutsa gaga m'diwa. Koma ndinaona chinthu chimodzi: malisiti akaponyedwa usiku, m'mawa mwake ma K500 ndi ma K1,000 ankalowa motsatizana. Tsiku lina magetsi atazima, foni ya mmodzi n'kuthima, screenshot osaponyedwa, m'mawa mwake sipanalowe ngakhale tambala, ndipo ku inbox manong'onong'o anali atayamba kale.

Ndalama zokulirapo zinachokera ku Joni. Achimwene athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town akadali pagulu la kwawo, ndipo angapo anatumiza kudzera pa Mukuru. Zinandikhudza, chifukwa anyamata amenewa lockdown ya ku South Africa inawapweteka kuposa ife. Ambiri anataya maganyu, ena munawaona akubwerera pa mabasi kudzera pa Mwanza mu 2020. Koma iwo matendawa anawaona ndi maso ife tikadaseka. Zonse pamodzi sitinafike ngakhale theka la miliyoni. Poyerekeza ndi mabiliyoni aja ndi fumbi chabe, koma ukagawa ndi K300 masamu ake amasangalatsa.

Panali mkangano pa zoti tigule chiyani. Ena ankafuna mabokosi a mamasiki abuluu aja a kuchipatala, akuti amaoneka apamwamba. Vuto lake n'lakuti amenewo ndi ovala kamodzi n'kutaya, pomwe munthu wosauka sataya chinthu. Masiki yotere amaivala sabata yathunthu mpaka isanduke yabulauni, kapena amaichapa, chonsecho ikachapidwa mphamvu yake yosefa imachepa. Ndiye tinagwirizana za nsalu, n'kupita kwa atelala athu a pakhonde la golosale pamsika, bambo amene anasoka mayunifolomu a theka la gulu lathu tili ku pulayimale. Bizinesi yawo inali itagona. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 mayunifolomu anaima, maukwati nawo anachepa, makina awo opalasa ndi mwendo ankangosoka zigamba.

Sitinawapemphe kuti asoke ulere. Pali chizolowezi choipa pa ntchito zachifundo chofuna kuti wosauka mnzathu ndiye apereke thukuta la mwezi wonse kwaulere, pomwe ife tapereka ya bandulo. Tinagwirizana nawo mtengo wa masiki iliyonse, ndipo iwo anaitana amayi awiri amene ali ndi makina kunyumba kuti azithandizana.

Masiki si kungodula chitenje n'kumangirira zingwe. Mu Juni 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti masiki yansalu ikhale ya magawo atatu: mkati nsalu ya thonje yomwa chinyezi cha mpweya, pakati kansalu kosefa, kunja nsalu yosamwa madzi msanga ngati poliyesitala. Mamasiki ambiri ogulitsidwa m'misewu anali a nsalu imodzi, ena anali opyapyala moti munthu akamayankhula milomo inkachita kuonekera. Atelala athu ali ndi muyeso wawo. Nsalu amayamba aiyang'anitsa kudzuwa, kuwala kukamadutsa ngati pa sefa, imeneyo ayi. Akasoka imodzi yoyesera amaivala n'kuuzira machesi oyaka, moto ukazima ndiye kuti awonjezere nsalu. Si sayansi ya ku College of Medicine, koma imachotsa zinyalala zambiri.

Chitenje chatsopano chimayenera kuchapidwa kaye chisanadulidwe, chifukwa chimabwera chouma ndi sitachi ndipo chimafupikako chikalowa m'madzi koyamba. Cha mamita awiri chimatulutsa mamasiki pafupifupi 20 a magawo atatu ngati wodulayo sakuwononga. Chovuta ndi lastiki. Mu Limbe ankasowa, akapezeka mtengo unali wokwera, ndipo wotchipa amatha mphamvu ukangomuchapa kangapo. Amayi ovala duku kapena hijabu anatiuza kuti lastiki wa m'makutu sawathandiza, bola zingwe zomanga kumbuyo kwa mutu. Agogo amene zala zawo zinauma ndi nyamakazi sangathe kumanga mfundo kumbuyo, iwo bola lastiki yemweyo. Tinthu tating'onoting'ono ngati timeneti ndi timene timachititsa kuti masiki ivalidwe kapena ingokhala pamsomali.

Koma ndalama ndi nsalu zinali zophweka poyerekeza ndi funso lakuti tipatsa ndani.

Pagulu pathu tilipo achinyamata a mafoni. Titangolengeza kuti mamasiki oyamba atuluka, mauthenga anayamba kugwa ngati mvula: "Admin mundisungire awiri", "Ine ndili pa list eti?" Anthu omwewo foni ili m'manja mwawo ingathe kugula matumba angapo a chimanga. Ovutikitsitsa enieni sali pa WhatsApp. Ambiri alibe ngakhale kafoni ka mabatani, ndipo amene ali nako kamakhala kwa mdzukulu. Mukalengeza pa intaneti kuti ofuna thandizo alembetse, mwasankha kale anthu a data, amene mumawafunawo mwawasiya.

Tinayamba ndi kukaonekera kwa amfumu a dera lathu, chifukwa ngakhale m'tauni sungayambe kugogoda m'makomo mwa anthu eni dera asakudziwa. Anatilandira bwino, ndipo patapita masiku awiri anatipatsa mndandanda. Sindinena zambiri, koma pa mndandandawo panali nyumba ina ya dishi padenga ndi galimoto pabwalo. Sitinakangane nawo. Tinangothokoza, n'kuwauza kuti mayina onse, kaya achokera kwa ndani, adutsa kaye m'maso mwa anthu ena asanalandire.

Anthu enawo anali amayi. Amayi a Mvano, a m'miphakati ya Katolika ndi a Dawa amadziwa nyumba iliyonse momwe muli wodwala wosatuluka panja, chifukwa ndi iwo amakamutungira madzi ndi kumusesera. Koma katswiri weniweni anali mayi wogulitsa madzi pa kiyosiki. Iye amadziwa banja limene limatunga ndowa 10 patsiku ndi limene limatunga ziwiri, amene amalipira pompopompo ndi amene amalembetsa ngongole mpaka mwezi uthe. Palibe kafukufuku wa pakompyuta amene angamupose mayi ameneyu. Dzina likatchulidwa iye ankangogwedeza mutu kapena kuseka chapansipansi, ife n'kudziwa chochita.

Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, mmodzi wa ma HSA ovala yunifolomu yabuluu aja, tinamuitana tisanagawe ngakhale masiki imodzi. Malangizo ake anali akuti tisalembe anthu, tilembe nyumba. Amene matendawa akuwapha kwambiri ndi achikulire komanso amene ali kale ndi shuga, BP kapena matenda ena a mgonagona. Koma agogo ambiri sapita kutali, tsiku lonse ali pakhonde. Kachilombo sikawapeza kumsika ayi. Kamabwera kunyumba madzulo ndi mdzukulu amene ndi kondakitala wa minibasi, kapena ndi mpongozi wogulitsa tomato. Ndipo ntchito yaikulu ya masiki yansalu ndi kutchinga timalovu ta amene waivalayo kuti tisafike kwa ena, ngakhale kuti imamutetezakonso mwiniwakeyo. Choncho kuveka agogo okha n'kusiya mdzukulu kuli ngati kutseka zenera chitseko chili chotsegula.

Anatikumbutsanso kuti malangizo a WHO omwe aja amati anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi odwaladwala azivala masiki ya kuchipatala akakhala pamalo pothinana. Thumba lathu silikanatha kuwagulira tsiku ndi tsiku. Tinangogula mabokosi ochepa n'kumapatsa agogo aliyense angapo, oti azivala tsiku lopita kukatenga mankhwala, kumene amakakhala pamzere maola ambiri pakati pa anthu otsokomola.

Tinapangana kuti pakhomo la munthu sitifunsa kuti mukudwala chiyani. M'dera ngati lathu, la nyumba zogundana makoma, funso limenelo limamveka mpaka kwa aneba, ndipo ena amamwa mankhwala omwe ngakhale abale awo sawadziwa. Tinakambirananso za zithunzi, ndipo apa mkangano unakula. Ena ankati osonkha, makamaka a kunja, akufuna umboni, ndiye tizijambula agogo atanyamula mamasiki. Ine ndinali mbali yokana, ndipo mpaka pano sindinasinthe. Munthu wamkulu, amene analera ana, ena n'kuwaika m'manda, asasanduke status ya mwana wa zaka 22 chifukwa cha nsalu ya K300. Agogowo chithunzicho sadzachiona n'komwe, sadzadziwa kuti chafika kuti, ndipo akamati "jambulani" nthawi zambiri amangoopa kuti akakana mphatso ibwerera. Umboni tinaupeza kwina. Timajambula mulu wa mamasiki ndi malisiti, ndipo pali kope la hadikava momwe mayi wotiperekeza amasayinira nyumba iliyonse yomwe yalandira. Aliyense amene anasonkha ali ndi ufulu wobwera kudzaliona.

Kugawa kwake sikunali kwa pabwalo. Kuitanira anthu pamalo amodzi kukanakhala kuswa lamulo la anthu osapitirira 50, komanso kukanakhala kupusa, kuunjika okalamba pamodzi m'dzina lowateteza. Timayenda awiriawiri ndi mayi mmodzi wodziwika m'deralo, khomo ndi khomo, ndipo timathera panja. Chovuta ndi moni. Agogo akatambasula dzanja iwe n'kubweza lako, umaoneka wamwano. Ndiye timayamba ndife kuwomba m'manja ndi kunjuta tikadali patali, moni wakale uja, ndipo palibe amene wakhumudwapo.

Funso loyamba pafupifupi paliponse limakhala limodzi: "Zachokera kuchipani chiti, ana anga?" Tikayankha kuti, "Ayi agogo, asonkha ndi ana a m'dera lomwe lino, asoka ndi atelala a pamsika aja," nkhope zimamasuka. Apa pali phindu lina la telala wa kwanu. Mphekesera zafala kwambiri. Ena akuti mamasiki ochokera kunja ali kale ndi kachilombo, ena akuti amabanikitsa, ena akuzilumikiza ndi za satana. Kukangana ndi gogo pa zimenezi n'kutaya nthawi. Koma akaona kuti ndi chitenje chonga chomwe avala m'chiuno, chosokedwa ndi munthu amene amamudziwa dzina ndi kwawo komwe, mantha amachepa okha.

Za chipanizo agogo sankangolota. Mkulu wina amene aliyense akudziwa kuti akusirira ukhansala anatitumizira uthenga kuti atipatsa nsalu zambiri zaulere. Titafunsa mtundu wake, tinapeza kuti ndi za makaka a chipani. Tinakana mwaulemu. Chisankho cha 2020 chinali chitangopita, mabala anali asanapole, ndipo theka la dera lathu silikanavala mtundu umenewo kumaso ngakhale mutalilipira. Tinawauza kuti ngati akufuna kuthandiza, nambala ndi zomwezo, ndipo dzina lawo lidzalembedwa pamzere umodzi ndi la amene wapereka K500. Tikudikirabe.

Nyumba iliyonse timasiyanso sopo mmodzi. Masiki yansalu imafuna kuchapidwa tsiku lililonse, ndi madzi otentha ngati alipo, kuyanikidwa padzuwa, n'kusitidwa ngati pakhomopo pali simbi. Kunena n'kosavuta. Kumene madzi amagulidwa pa ndowa, ndipo sopo yemweyo akumudikira mbale, matewera ndi malaya a kuntchito, masiki imakhala kumapeto kwa mzere.

Sindikunamizani kuti onse amene analandira akuvala. Ndakumana ndi mamasiki athu ali pachibwano, ena ali m'thumba kudikira kuti apolisi aonekere. Agogo ena anasunga yawo mu sutikesi, akuti ndi yokongola, azivala Lamulungu lokha. Awiri kapena atatu tinawaona akugulitsidwa pamsika. Pagulu ena anapsa mtima, akuti anthu ndi osayamika. Ine sindinadabwe. Munthu amene wagulitsa masiki K200 kuti agule bonya wakuuzani vuto lake lenileni, ndipo limenelo si vuto loti gulu la WhatsApp lingalithe.

Apa ndi pamene mnzanga wina, wophunzira ku Poly, amandipanikiza. Iye sanasonkhe, ndipo akuti sadzasonkha. Mfundo yake n'njakuti timalipira msonkho pa shuga, pa mayunitsi, pa bandulo iliyonse, ndiye kugulira osauka mamasiki ndi ntchito ya boma, ndipo ife tikamasonkha tikungophimba manyazi a anthu amene adya ndalama. Amakumbutsa kuti boma la nthawiyo linalonjeza mu Epulo 2020 kuti mabanja osauka a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi, koma chaka chinatha ndalamayo isanafike m'manja mwa anthu. Amafunsanso ngati boma limene linkalipiritsa K10,000 munthu wosavala masiki linayamba lamupatsapo masikiyo.

Sindimutsutsa. Akunena zoona, ndipo mafunso amenewa tisasiye kuwafunsa. Pomwe timasiyana ndi pa zoti tizitani pamene tikudikira yankho. Milandu ya K6.2 biliyoni ikakhalapo iyenda zaka zake, koma mdzukulu kondakitala uja akubwera kunyumba madzulo ano. Ndaonanso kuti kusonkha sikunatigonetse tulo. Achinyamata amene azolowera kuona lisiti la K200 ya kabaza usiku uliwonse ndi omwe tsopano akufunsa mokweza kuti malisiti a mabiliyoni aja ali kuti. Kale nkhani za bajeti pagulu pathu zinkangodutsa popanda ndemanga.

Pofika Febuluwale 2021 chiwerengero cha odwala chinayamba kutsika poyerekeza ndi Januwale, ndipo msonkhamsonkha nawo unatsika nacho. Ma screenshot a 8 koloko akuponyedwabe, koma masiku ena balansi ya dzulo ndi ya lero imakhala chimodzimodzi. Nyumba za kumtunda, m'mphepete mwa phiri kumene kabaza safika, sitinazifikire, ndipo mamasiki oyamba aja lastiki wake wayamba kale kutha mphamvu. Sukulu nazo zinatsegulidwa, kutanthauza kuti atelala athu abwerera ku mayunifolomu, komanso kuti ana a m'nyumba zomwe zija akufunika mamasiki awoawo. A zaka zisanu kutsika pansi WHO imati asavale, koma wa sitandade 3 ayenera kukhala nayo, ndipo ya munthu wamkulu imamusiyira mipata m'masaya. Atelala ati sangasoke mongoganizira. Loweruka lino tikupita nawo ana atatu a misinkhu yosiyana kuti akawayeze nkhope, ndipo zidutswa za zitenje zomwe zinkatsala podula za akuluakulu aziika kale padera.